Msewu wa Pamutu pa Jharna

"Dida, msewu wa pamutu panu uja anaufufuta ndani?"

Anafunsa ndi Tuli, kamdzukulu ka Shibani wa khomo loyang'anana ndi la Jharna, m'mawa wina m'chikepe cha nsanjika yawo. Dida ndiye kuti agogo. Jharna Bagchi anali atawerama kufunafuna makiyi m'chikwama, ndipo kamwanako, kali m'manja mwa mayi ake, kanaona bwino lomwe kanjira kogawa tsitsi lake pakati. Chiyambire tsiku la ukwati wake kanjirako kanali kofiira ndi ufa wa sinduru, monga ka mkazi aliyense amene mwamuna wake ali moyo. Tsopano kanali mbuu. Amayi a pachibale anakatsuka tsiku lomwe mtembo wa mwamuna wake Prodip unapita kukawotchedwa. Mayi a Tuli anatseka mwana pakamwa, bambo wina anayamba kuwerenga mabatani a chikepe ngati nyuzipepala.

Funso la mwana lilibe mano, koma limeneli linaluma ndipo silinasiye. Kuchokera tsiku limenelo Jharna sankatuluka mutu uli pamtunda. Kumsika ankafunda nsonga ya sari, nsalu yake yaitali. Koma pikolobo, masewera omenyerana kampira ndi timatabwa, saseweredwa mu sari, ndiye atabwerera kubwalo, Shibani atamugogodera chitseko masabata ambiri mpaka kumutopetsa, anatenga chipewa cha Prodip.

Prodip ankaimbira masewera a kiriketi a timagulu ta m'maofesi Lamlungu lililonse, ndipo chipewa chake chinali chija choyera cha oimbira, chotambalala ngati lichero. Mutu wake unali waukulu. Wa Jharna sunali choncho.

"Wanu, Didi! Wanu! M'mwamba!" anakuwa Shibani, amene ankamutcha Didi, kutanthauza mkulu wanga.

Jharna anakweza mutu. Chipewa chinatsetsereka n'kudzakhala pamphuno. Anangomva kampira kobowokabowoka kaja kakugwa kumbuyo kwake, kenako kakudumphadumpha ngati kakumuseka.

Bwalo lawo linali padenga la nyumba yoimikamo magalimoto, pakati pa nsanjika zazitali za ku New Town, ndipo dzuwa la Epulo la ku Kolkata linali litayamba kale kuphika simenti. Tsidya la ukonde, Papiya ndi Ruma a ku Buloko C anagunditsana timatabwa tawo tomenyera.

"Pepani Jharna-di, mphepo ndi imene yaukweza," anatero Papiya.

"Mphepo yake iti?" anakalipa Shibani. "Zovala za pamakonde apo zangoti zii ngati zojambula. Didi, anthu awa atulukira. Sakusewera ndi ife ayi, akusewera ndi chipewa chanu."

"Iwe samala mbali yako," anatero Jharna.

"Mbali yanga ndi iti? Bwalo lonse lasanduka langa. Ndikuthamanga uku ndi uku ngati wantchito wa nyumba ziwiri. Maondo awa ali ndi zidzukulu, Didi!"

Mpira wotsatira unakweranso kumwamba. Wotsatira wake chimodzimodzi. Jharna anayesa kugwira chipewa ndi dzanja lamanzere uku akumenya ndi lamanja, mpira n'kukagwera pa galimoto ya munthu pansi. Masewera atatha, Ruma anafunsa mwaulemu ngati chipewacho chimabwera ndi mawindo.

Anakhala pabenchi mumthunzi wa thanki ya madzi. Shibani anathira tiyi wa m'fulasiki, anamwa, anapuma mpaka mpweya utabwerera, kenako anapisa m'thumba lake n'kutulutsa tinthu tiwiri tachikasu.

"Vaiza. Imodzi yanu, imodzi yanga."

Jharna anakatembenuza kanthuko. Kanali kalamba kozungulira mutu ndi mlomo wotchinga maso. Pamwamba panalibe chilichonse.

"Wagula khonde, nyumba wasiya kusitolo?"

"Nyumba ya chiyani? Kamatchinga dzuwa m'maso, mutu umapuma, mfundo ya tsitsi imakhala m'malo mwake. Mukayang'ana kumwamba mumaona kumwamba. Tayesani."

"Nanga makutu? Nanga khosi? Ufuna ndipse ngati biringanya?"

"Mudzola mafuta. Didi, tamverani." Shibani anaika kapu pansi. "Ndikudziwa kuti ndi cha Dada, amuna anu. Ndikudziwa. Koma Dada yemweyo akanakhala pano akanakutulutsani m'bwalo. Munthu uja sankasekerera zinthu zopepera."

Jharna sanamuwongole. Zinali bwino kuti Shibani aziganiza kuti nkhani ndi chikondi cha chipewa.

"Mpikisano wa chaka chatsopano chathu cha mu Epulo ndi uno wayandikirawu," anapitiriza Shibani. "Ine chibadwire sindinapambanepo kanthu. Ngakhale mpikisano wothamanga ndi ndimu pa supuni kusukulu, ndimu wanga ankagwa ndisananyamuke. Chaka chino dzanja langa lili bwino, lanunso lili bwino likauona mpira. Mukabwera ndi lichero limeneli, ine ndikasewera ndi mayi Jalan. Akhala akundinyengerera."

"Ukunena zoona?"

"Ndikunena zoona."

"Pita kwa a Jalan akowo. Amafuula ngati akugulitsa nsomba."

"Koma mpira amauona."

Jharna anaponya kakhondeko m'chikwama mwake, poopa kuti akakasiya pabenchi akhala ngati mwana. Ankadziwa mmene zinthu zimayendera padenga paja. Amayi ankasewera awiriawiri, ndipo awiriwo akagwirizana ankakhala ngati ukwati. Wotsala yekha ankadikira pabenchi kuti wina adwale bondo, ndipo akadikiradikira ankasiya kukwera masitepe. Ola limenelo la m'mawa ndi lokhalo limene bata la m'nyumba mwake silinkamutsatira. Akataya Shibani ndiye kuti wataya olalo.

Masiku otsatira, zinakhala ngati Kolkata yense wasiya ntchito kuti aweruze mlandu wa mutu wake. Dokotala Kundu, amene anapuma ntchito ya zakhungu koma sanapume kulangiza, anamuimitsa pamasitepe n'kunena kuti chipewa chotambalala ndiye nzeru, vaiza ndi chidole cha anthu ofuna kujambulidwa. Mwana wa Jharna, Sreeparna, anaimba foni kuchokera ku Pune.

"Ma, akatswiri onse aakazi amavala vaiza. Ndakutumizirani makanema, mwaonera?"

"Akatswiri akowo ali ndi zaka zingati?"

"Nanga zaka zalowapo bwanji? Chipewa chimasunga kutentha, Ma. Mudzakomoka tsiku lina. Kapena gulani kapusi wamba, yokhala ndi denga."

"Ndinagula."

Anagulatu. Mnyamata wa m'sitolo analumbira kuti kapusiyo imakwana mutu uliwonse, koma sanawerengere mfundo ya tsitsi imene Jharna anaimanga kuyambira ali mtsikana. Kapusi inakhala pamwamba ngati chivindikiro cha poto wobwata, ndipo atayesa kuikanikiza mutu unamupweteka mpaka madzulo. Anasokerera lasitiki pa chipewa cha Prodip, lasitiki n'kumudula pansi pa chibwano, Ruma n'kufunsa ngati akupita ku sukulu ya mkaka. Anaika nyuzipepala yopinda m'kati kuti chithine, thukuta n'kumusindikizira mitu ya nkhani pachipumi.

Masana ena, atatseka chitseko ndi makatani, anavala kakhonde kachikasu kaja n'kuima pagalasi.

Chimene chinamukwiyitsa n'chakuti Shibani sananame. Kanali kopepuka ngati palibe. Anakweza mutu, anaona denga lonse mpaka kangaude wa pakona. Anagwedeza mutu uku ndi uku, kanthuko sikanasunthe. Nkhope yake inaoneka ya munthu wodziwa chimene akuchita. Koma pamwamba pa kalamba kachikasuko, pakati pa tsitsi la imvi, msewu uja unali gwaa, woyera, wozunguliridwa bwinobwino ngati chithunzi choikidwa m'fulemu kuti aliyense aime aone.

Anakavula n'kukaponya pabedi.

"Mukuseka chiyani?" anafunsa chithunzi cha Prodip chimene chinali pakhoma ndi nkhata yake ya maluwa. "Munthu wanji wokhala ndi mutu waukulu chonchi? Munaikamo chiyani, poti ngakhale tsiku lolipira magetsi simunkakumbuka?"

Sikuti ankabisa umasiye. Angaubise bwanji, pamene nsanjika yonse inabwera kudzadya pa mwambo wa maliro? Koma kudziwa ndi kwina, kuona ndi kwina. Anali atazindikira mmene zimakhalira. Munthu akulankhula naye bwinobwino za mtengo wa nsomba, maso amakwera pang'ono, amafika pamsewu paja, kenako mawu amafewa ngati nthochi yakupsa. "Mukudya koma, Didi? Mukugona koma?" Mawu ofewa amenewo ndi amene anamutsekera m'nyumba miyezi ija. Padenga paja ankafuna kukalipiridwa. M'dziko lonse munatsala munthu mmodzi amene ankamukalipira ngati kale, ndipo munthuyo ndi amene ankafuna kumuvula chipewa.

Tsiku loti mawa mpikisano, anakwera kukayeserera chakumadzulo. Kunja kunali chifundi, mpweya uli phee. Kenako kumpoto chakumadzulo kunada bii, akhwangwala anayamba kuuluka chammbali, ndipo mphepo ya nyengo ino, imene sigogoda pofika, inagwa padenga ndi fumbi ndi mapepala. Lasitiki uja Jharna anali atamuchotsa. Chipewa chinanyamuka.

Sanachithamangire. Sanayang'anenso mpira umene unali m'njira. Anataya kathabwa, anagwira pamutu ndi manja onse awiri n'kunjuta pansi, ngati mkazi amene nsalu yamuvuka pamsika. Mpira unamugunda paphewa. Anakhala choncho mwina kamphindi chabe, koma atadzutsa maso anapeza Shibani akumuyang'ana, kukamwa kuli kotsegula, chipongwe chimene anakonza chitafera pa lilime.

Shibani anapita kukachotsa chipewa pa waya wa mpanda pamene chinakodwa. Anachisasa fumbi. Anachipereka ndi manja awiri.

"Tiyeni titsike, Didi. Mvula ikubwera."

Mawu ake anali ofewa ngati nthochi yakupsa.

Jharna anatsika masitepe mtima ukuwira. Akanakonda kutukwanidwa. Pakati pa makomo awo Shibani anati, "Mupume bwino, Didi," osatchula za mawa, osatchula za mayi Jalan, ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati m'nyumba muli wodwala.

M'mawa wa chaka chatsopano Jharna anavala zosewerera, anavala chipewa, n'kukhala pampando moyang'ana chitseko, osadziwa ngati pali amene agogode. Kugogoda kunabwera, kwamphamvu ngati kale. Anatsegula.

Shibani anaima pakhomo atavala kakhonde kake kachikasu, kathabwa kali m'khwapa. Jharna anayang'ana nkhope, kenako maso ake, monga maso a anthu onse aja, anakwera pang'ono.

Shibani Moitra, amene ankapaka sinduru wochuluka moti ankaonekera tsidya la msewu, anali ndi kanjira koyera mbuu. Anali atakatsuka ndi sopo.

"Wachita chiyani?"

"Ndi tsiku limodzi lokha, Didi. Ndaganiza kuti anthu akayang'ana wanu ayang'anenso wanga, maso awo agawikane. Tikhala awiri. Ndiye inu muvale vaiza, ine..."

"Wapenga? Wapenga iwe? Amuna ako ali moyo! Ndikuwamva akutsokomola m'nyumbamo!"

"Didi, musakuwe."

"Ndikuwa! Tsiku la chaka chatsopano, tsiku loti anthu ayambe bwino, iwe ukuitana chiyani pakhomo pako? Ukuyesa umasiye ndi sari yobwerekana popita kuukwati? Lowa! Lowa msanga wina asanakuone!"

Anamugwira pamkono n'kumukokera m'nyumba ya Shibani yemweyo. Amalendu, mwamuna wa Shibani, anali pampando wake wa nsungwi, dazi likuwala, nyuzipepala kudzanja lina, kapu ya tiyi kudzanja lina.

"Boudi, alamu, kwagwanji? Kukupsa?"

"Tayang'anani mkazi wanu, Amal-babu!"

Amalendu anatsitsa magalasi, anamuyang'ana mkazi wake kuyambira kumapazi.

"Wavala chachikasu. Chikumukhala."

"Pamutu!"

Anayang'ananso.

"Ooh. Ndiye kuti ndinafa? Bwanji osandiuza? Ndikanathira shuga mu tiyiyu."

Palibe anaseka. Jharna anakumbuka ambulansi imene inadzamutenga bamboyo nyengo yozizira yapitayi, ndi Shibani akuthamanga pambuyo pa machira atavala patapata mmodzi. Anatembenukira mnzakeyo. Mkaziyu anachita kudziopseza yekha, ndipo mwina sanagone.

"Chitsiru," anatero Jharna. "Kamkebe ka sinduru kali kuti?"

"Pagalasi apo. Koma sindikagwira."

"Ukuti chiyani?"

"Sindikagwira mpaka chipewa chitatsika. Mundimenye kaya. Dzulo ndinakumverani chisoni, Didi, usiku wonse, ndipo sizinandikomere. Sindifuna kusewera ndi munthu womumvera chisoni. Ndikufuna uja ndimamukalipira."

Jharna anapita pagalasi, anatambasula dzanja kuti atenge kamkebe kasiliva kaja amupake yekha mwamphamvu, koma dzanja linaima m'malere. Wamasiye sagwira sinduru wa mkazi wa mwini. Palibe anamuletsa, dzanja ndi limene linakumbuka lokha. Analibweza n'kulibisa kumbuyo.

Anaima choncho pakati pa chipinda, pakati pa anthu awiri ouma mitu, thukuta likutsika pansi pa lichero la Prodip.

Anakweza manja n'kuvula chipewa.

Mphepo ya fani inamukhudza pamsewu paja, yozizira ngati chala chonyowa. Amalendu anayang'ana nyuzipepala yake. Shibani sanayang'ane kumbali, ndipo sanafewetse nkhope. Anangoti, "Tsitsi lanu lafwanyika kumanzereku."

"Amal-babu, dzukani. Munamupakapo kamodzi pamaso pa moto tsiku la ukwati, simunaiwale."

Amalendu anadzuka, anatsina ufa wofiirawo ndi zala zake, n'kuukoka pakanjira ka mkazi wake mokhotakhota ngati msewu wa kumapiri. Wina unatayikira pamphuno.

"Amati ukagwera pamphuno ndiye kuti mwamuna amakukonda," anatero iye.

"Amati manja akalamba," anayankha Shibani, akufwenthera. Mawu ake anali atabwerera.

Jharna anali akadagwirizira chipewa pachifuwa, osadziwa pochiika. Anayang'ana dazi la Amalendu. Komiti inali itamusankha kuti akawerenge zigoli, ndipo akanakhala padzuwa mpaka masana.

"Weramani."

Anamuveka chipewacho. Chinamukwana ngati anachita kumuyeza.

"Ndakubwerekani, sindinakupatseni. Ndipo mudziwe kuti mwini wake sanaberepo munthu chigoli."

Padenga panali pataikidwa mipando ya pulasitiki ndi nsalu yotchinga dzuwa imene inakwanira akomiti okha. Anthu anali mu zovala zatsopano, akupatsana moni wa chaka ndi maswiti a mkaka. Jharna anatuluka pamasitepe kakhonde kali pachipumi, mutu uli pamtunda, akumva ngati wayenda wopanda nsapato pa miyala. Maso ena anakweradi. Dokotala Kundu anapukusa mutu chifukwa cha makutu. Papiya anayandikira, khosi atalipendeketsa, mawu atawakonza kale.

"Jharna-di, lero mukuoneka..."

"Akuoneka ngati munthu woti akugonjetseni," anadula Shibani. "Kayimeni uko tiyambe, dzuwa likukwera."

Chizolowezi sichimva kuti zinthu zasintha. Mpira wachitatu wokha, Papiya anaukweza kumwamba monga mwa masiku onse.

"Wanu, Didi!"

Jharna anakweza mutu, ndipo kumwamba kunali komweko, konse, kotambalala, ndi kabawi mmodzi akuzungulira patali. Kampira kanali kutsika pang'onopang'ono moti anaona kuwala kukudutsa m'mabowo ake. Anabwerera phazi limodzi, anatambasula mkono, n'kukamenya ndi mkwiyo wonse wa sabata imeneyo: wa dokotala, wa makanema, wa lasitiki, wa nthochi zakupsa. Kanagwa pakati pa mapazi a Papiya, amene analumpha n'kuitana mayi ake.

"Pepani," anatero Jharna. "Mphepo."

A Buloko C anawagonjetsa. Anagonjetsanso alongo awiri a ku Buloko A amene ankangokangana okhaokha. Kumapeto anakumana ndi mayi Jalan, amene anabwera ndi mpongozi wawo wa miyendo yaitali, ndipo apo zinavuta. Anakokanakokana dzuwa lili paliwombo. Pa chigoli chomaliza Shibani anamenya mpira wokongola kwambiri m'moyo wake, anakuwa, anakweza manja, koma Amalendu anadzutsa chala pansi pa chipewa choyera chija.

"Phazi linaponda mzere."

"Phazi la ndani?"

"Lako."

"Inu! Mudya kuti lero?"

"Ine ndikanakhululuka," anatero Amalendu, "koma chipewachi sichikulola."

Anawapatsa bokosi la sandeshi, maswiti a mkaka aja, mphoto ya achiwiri. Shibani analandira akung'ung'udza kuti ndimu wake wagwanso, ulendo uno atafika pamzere penipeni.

M'chikepe anakwera awiri okha, poti Amalendu anatsalira kuti akomiti amuyamikire. Jharna anavula kakhonde konyowa ndi thukuta. Pamutu pankamuyabwa, ndipo atakhudzapo anamva ngati wagwira mbaula. Anatembenukira galasi la m'chikepe.

Msewu uja unali wofiira. Kuyambira pachipumi mpaka pamfundo ya tsitsi, mzere woongoka, wofiira psuu. Khungu limene linakhala mumthunzi wa ufa moyo wonse wa ukwati, kenako mumthunzi wa chipewa, linakumana ndi dzuwa la masana kwa nthawi yoyamba, ndipo dzuwa silinafunse kuti mkaziyu ndi wa ndani.

Shibani anaona. Anagwira pakamwa. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, osadziwika ngati ndi kuseka kapena chinthu china.

"Usayerekeze," anatero Jharna.

"Sindikuseka, Didi."

"Khonde lako lopanda dengali. Ndinakuuza kuti ndipsa. Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Munati makutu."

"Makutu, mutu, zonse ndi zanga!"

"Walira mvula walira matope, Didi. Mpira munauona." Shibani anapukuta m'maso. "Tuli akafunsanso mumuuze kuti a boma ayamba kukonza msewu."

Jharna anayang'anabe pagalasi mpaka chikepe chinaima. Zinali zofanana ndi nthabwala za Prodip, zija ankanena nkhope ili gwa, iwe n'kukwiya kaye, kuseka mawa lake.

Pakati pa makomo awo Shibani anamukhazika pa sitepe, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi tsamba la aloe limene anathyola mumphika wa pakhonde. Analing'amba n'kuyamba kupaka madzi ake ozizira pamzerewo ndi chala chimodzi, kuyambira pachipumi kupita kumbuyo. Chichokere tsiku lija amayi a pachibale anamutsuka, panalibe dzanja la munthu limene linafikapo pamenepo. Jharna anatseka maso.

"Ukukanikiza kwambiri."

"Khalani chete. Mawa tidzapaka mafuta oteteza dzuwa tisanakwere. Ndizidzapaka ine, inu simuona pakati."

"Ndani wati mawa ndivala chimenechi?"

"Muvala."

Kenako Jharna anati, "Zimene unachita m'mawa zija, usadzachitenso. Ngakhale tsiku limodzi. Ngakhale chifukwa cha ine, ngakhale chifukwa cha mayi ako. Ukadzatero, khomo ili usadzaligogodenso."

"Sindidzachitanso." Chala chinaima pakati pa njira. "Koma nanunso mundilonjeze kanthu. Mtima wa agogo aamuna a Tuli mukuudziwa mmene ulili. Tsiku likadzafika loti anditsuke zenizeni..."

"Lavula mawu amenewo."

"Ndalavula. Koma likadzafika, musadzandifunse ngati ndikudya. Mudzagogode mpaka nditope. Mudzandikokere padenga paja, ndipo ndikadzaphonya mpira mudzandinene."

Pansi chikepe chinalira, chikukwera ndi munthu wovala chipewa chobwereka. Jharna anatsegula bokosi la sandeshi, anatenga imodzi, anainyema pakati.

"Ndidzagogoda," anatero, akumupatsa theka. "Ndipo ndidzakunena mpaka a Buloko C adzatseke mawindo. Tsiriza kupaka, kumbuyoku sunafikeko."